Othawa Chizunzo Atagwira Ndodo: A Puritan ku New England

 

Nkhani yomwe ndabwera nayo ndi ya anthu a ku England otchedwa a Puritan, amene zaka pafupifupi 400 zapitazo adawoloka nyanja ya Atlantic nakakhazikika m'chigawo cha New England, kumpoto chakum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi United States. Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, chomwe chidawachotsa kwawo. Yachiwiri, zomwe ankakhulupirira ndi momwe chikhulupirirocho chidaumbira midzi yawo. Yachitatu, momwe adakhalira ndi anthu otsutsana nawo komanso ndi eni nthaka. Yachinayi, milandu ya ufiti ya ku Salem mu 1692. Pa mfundo zonsezi mudzimva ndikubwereza chinthu chimodzi: anthuwa adawolokera nyanja ufulu wawo wopembedza, koma ufulu womwewo adawamana anzawo.

Mfundo yoyamba: chomwe chidawachotsa kwawo.

Mu 1534 Mfumu Henry VIII idachotsa mpingo wa ku England m'manja mwa Papa, nidziika yokha kukhala mutu wa mpingowo. Mwana wake, Mfumukazi Elizabeth I, atalowa ufumu mu 1558, adakonza zoti chiphunzitso chikhale cha Chiprotestanti, koma mabishopu, mikanjo ya abusa ndi buku la mapemphero zisachoke. Ambiri adavomera. Ena adati ntchito yalekezedwa panjira. Ankafunsa kuti, ndi pati m'Baibulo pamene palamulidwa kuti mbusa avale mkanjo woyera, kuti munthu agwade polandira mgonero, kuti khanda alilembe chizindikiro cha mtanda pobatiza, kuti paukwati pakhale mphete? Chomwe Malemba sadalamule, iwo ankatero, chituluke m'nyumba ya Mulungu. Dzina loti a Puritan lidachokera kwa adani awo, mowaseka kuti akudziyesa oyera koposa.

Mu 1604 adakapereka madandaulo awo kwa Mfumu James I ku Hampton Court. Mfumuyo idakana pafupifupi zonse, chifukwa inkaona kuti anthu okana bishopu lero adzakananso mfumu mawa. Idalola chinthu chimodzi chachikulu, kumasuliranso Baibulo, ndipo ndi Baibulo lija lidatuluka mu 1611. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo kusapita ku tchalitchi cha boma unali mlandu. Wopemphera kwina ankalipitsidwa, mwinanso kutsekeredwa m'ndende.

Amene adawoloka nyanja adali magulu awiri. Loyamba lidali laling'ono, la anthu omwe adadzipatuliratu ku mpingo wa boma. Ankasonkhana mobisa m'mudzi wa Scrooby. Mu 1608 adathawira ku Amsterdam, chaka chotsatira nasamukira ku Leiden, m'dziko la Netherlands. Kumeneko palibe amene ankawaletsa kupemphera, koma umphawi udawakuta, ndipo ankadandaula poona ana awo akutengera chiyankhulo ndi makhalidwe a eni dziko. Mu 1620 ena mwa iwo adakwera sitima ya Mayflower. Mudali anthu 102, ndipo si onse amene adali a mpingo wawo. Atayenda panyanja masiku 66 adafika ku Cape Cod mu November, chisanu chitayamba kale. Asadatsike, amuna 41 adasaina pangano loti adzikonzera okha malamulo ndi kuwamvera. Pomwe chisanu chinkatha, pafupifupi theka la anthuwo lidali m'manda.

Otsalawo adapulumuka chifukwa cha eni nthaka, a mtundu wa Wampanoag, ndi mfumu yawo Massasoit. Munthu wina dzina lake Tisquantum adawaphunzitsa kubzala chimanga pothira nsomba m'phando kuti nthaka ikhale ndi chonde. Munthuyu ankayankhula Chingerezi chifukwa mu 1614 Mngerezi wina, Thomas Hunt, adamugwira n'kupita naye ku Spain kuti akamugulitse ukapolo. Atabwerera kwawo adapeza mudzi wake wa Patuxet watha psiti ndi mliri. Pabwinja limenelo ndi pomwe alendowo adamanga mudzi wawo wa Plymouth.

Gulu lachiwiri ndilo lidali lalikulu, komanso lidali ndi chuma ndi maphunziro. Mfumu Charles I idatseka nyumba ya malamulo mu 1629, ndipo bishopu William Laud ankachotsa pa ntchito abusa okana miyambo ya mpingo wa boma. Mu 1630 loya wina wa ku Suffolk, John Winthrop, adatsogolera sitima 11 ndi anthu pafupifupi 700 kupita ku Massachusetts, nayambitsa mzinda wa Boston. Adachita chinthu chochenjera. Chikalata cha mfumu chowapatsa mphamvu yolamulira adachinyamula m'sitimamo, kotero boma lawo lidakhala m'manja mwawo, kutali ndi London. M'zaka khumi zotsatira anthu pafupifupi 20,000 adawatsatira, ambiri mwa iwo mabanja athunthu, mayi, bambo ndi ana.

Mfundo yachiwiri: zomwe ankakhulupirira. Apa ndichedwapo, chifukwa tikapanda kumvetsa apa, zotsatirazo tiziyesa nkhanza wamba.

A Puritan adali ophunzira a John Calvin wa ku Geneva. Inu a CCAP muzindikirapo zambiri, popeza mipingo ya ku Scotland ndi ya Dutch Reformed yomwe idafika kuno idaphuka pa muzu womwewo. Ankaphunzitsa kuti munthu amabadwa ali wochimwa kotheratu, sangadzipulumutse ndi ntchito zake, ndipo Mulungu adasankhiratu dziko lisadalengedwe amene adzawapulumutse mwa chisomo chake. Tsono funso lomwe linkawasowetsa tulo lidali lakuti, kodi ine ndili m'gulu la osankhidwawo? Ambiri ankalemba m'mabuku awo tsiku ndi tsiku, kufufuza mtima wawo, kuwerenga machimo awo, kuyang'ana ngati muli chizindikiro cha chisomo. Sadali anthu achiphamaso ayi. Ankaopadi Mulungu.

Ku New England adawonjezapo chinthu chomwe ku England sichinkachitika kawirikawiri. Munthu wofuna kulowa mu mpingo ankayenera kufotokoza pamaso pa akulu ndi mpingo momwe Mulungu adamutembenuzira mtima, mpingowo n'kuweruza ngati umboni wake ukumveka. Ankafuna kuchita zomwe mayi amachita ndi lichero, kupeta kuti mankhusu auluke patsale mpunga wokhawokha. Koma mpunga umaoneka ndi maso, pomwe mtima wa munthu suoneka. Ndipo kuyambira mu 1631, ku Massachusetts mwamuna yekhayo amene adalandiridwa mu mpingo ndiye ankaponya voti posankha bwanamkubwa. Lichero la mpingo lidasanduka lichero la boma.

Chachiwiri chomwe ankatsamirapo ndi pangano. Ankakhulupirira kuti, monga Israele wakale, mudzi wawo wonse udapangana ndi Mulungu. Akamvera, adzadalitsidwa. Akalekerera tchimo pakati pawo, chilango chidzagwera onse, wochimwa ndi wosachimwa yemwe. Winthrop, mu ulaliki wake wotchuka wa 1630, adatenga fanizo la mu Mateyu 5 la mudzi womangidwa pamwamba pa phiri. Lero andale a ku America amalitchula monyada, koma mwini wake ankachenjeza: anthu onse akutiona, tikalephera tidzakhala choseketsa. Mu ulaliki womwewo adalimbikitsa olemera kuthandiza osauka, ndi kuti mavuto a mmodzi akhale a onse.

Taonani tsono komwe chiphunzitso chimenechi chimathera. Ngati tchimo la mnansi wanga lingabweretse chilala, nthomba kapena moto pa nyumba yanga, ndiye kuti moyo wa mnansi wanga ndi nkhani yanga. Ndiyenera kumuyang'anira. Ndiyenera kukamunenera. Wophunzitsa zosiyana ndi zathu sangotsutsana nafe chabe, akutiitanira mkwiyo wa Mulungu tonse. Gwirani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Mapembedzedwe awo adali opanda zokometsera. Nyumba yopemphereramo inkakhala yamatabwa, yopanda zithunzi, yopanda moto wowotha ngakhale m'chisanu choopsa. Pakati pa zonse padali ulaliki, wautali, kawiri pa Sabata. Sabatalo linkayamba Loweruka dzuwa likalowa. Ankayimba masalimo okha, opanda zoyimbira. Khirisimasi ankaikana, ati Baibulo silitchula tsikulo, ndipo kuchokera mu 1659 mpaka 1681 wopezeka akuikondwerera ku Massachusetts ankalipa masheleni asanu. Ukwati ankaumangitsa kwa woweruza wa boma, osati kwa mbusa. Koma tisawanamizire. Ankamwa mowa, chomwe ankaletsa ndi kuledzera. Ankalemekeza chikondi cha m'banja. Malamulo awo a 1641 adaletsa mwamuna kumenya mkazi wake, adaletsanso kuchitira nkhanza ziweto.

Ndipo pa maphunziro ndiyenera kuwavulira chipewa. Popeza munthu aliyense ankayenera kudziwerengera yekha Baibulo, kusadziwa kuwerenga ankakuona ngati khomo lolowera Satana. M'mera mpoyamba. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi chifikireni ku Boston, mu 1636, adakhazikitsa koleji yomwe idadzatchedwa Harvard, pokumbukira mbusa wachinyamata John Harvard amene pomwalira adaisiyira theka la chuma chake ndi mabuku pafupifupi 400. Mu 1640 makina awo osindikizira ku Cambridge adatulutsa buku la masalimo, buku loyamba kusindikizidwa m'madera a Angerezi ku America. Mu 1647 adalamula kuti mudzi uliwonse wa mabanja 50 ulembe mphunzitsi, ndipo wa mabanja 100 ukhale ndi sukulu yokonzekeretsa ana ku koleji. Anthu omwe adali akuzulabe zitsa m'minda yawo adaika sukulu patsogolo. Mpingo uliwonse unkadzisankhira mbusa wake, popanda bishopu kapena sinodi yowalamula, ndipo amuna a m'mudzi ankakumana kukambirana za misewu, msipu ndi msonkho. Zambiri zomwe America imanyadira lero zidaphuka pa misonkhano imeneyi.

Mfundo yachitatu: momwe adakhalira ndi otsutsana nawo komanso ndi eni nthaka.

Mbusa wina wachinyamata, Roger Williams, adanena zinthu ziwiri zomwe akuluakulu a ku Boston sadafune kumva. Adati boma lilibe mphamvu pa chikumbumtima cha munthu, ndipo kupembedza kokakamiza Mulungu sakondwera nako. Adatinso mfumu ya ku England ilibe ufulu wogawa nthaka ya anthu ena. Wofuna malo akapemphe ndi kulipira kwa eni ake. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwo adamuona ngati mdani. Mu 1635 bwalo lidagamula kuti achoke. Adathawa mu January chipale chofewa chili mbuu, ndipo amene adamusunga adali eni nthaka omwewo. Mu 1636 adayambitsa mudzi wa Providence pa malo omwe adalandira kwa mafumu a mtundu wa Narragansett. Ku Rhode Island, dera lomwe muli Providence, a Baptist, a Quaker ndi Ayuda adapeza pokhala. Chomwe chimandigwira mtima pa munthu ameneyu ndi ichi: sadali wofooka m'chikhulupiriro. Chiphunzitso cha a Quaker ankachida, kotero kuti mu 1672, ali nkhalamba, adapalasa yekha bwato mpaka ku Newport kukatsutsana nawo pagulu. Adatsutsana nawo ndi pakamwa, koma sadawapirikitse.

Anne Hutchinson adali mzamba, mayi wa ana ambiri, wodziwa Malemba. M'nyumba mwake munkadzaza anthu odzamva momwe ankatambasulira maulaliki a pa Sabata. Adayamba kunena kuti abusa ambiri akulalikira ngati kuti makhalidwe abwino ndiwo umboni wa chipulumutso, pomwe chipulumutso ndi chisomo chokha. Mu 1637 adamuimika pabwalo, Winthrop mwiniyo ali woweruza. Adayankha mwanzeru mpaka pomwe adanena kuti Mzimu umayankhula naye mwachindunji. Pomwepo mlandu udatha. Adamudula mu mpingo, namupirikitsa. Adaphedwa mu 1643 pa nkhondo ya pakati pa Adatchi ndi eni nthaka, kufupi ndi komwe lero kuli New York.

A Quaker ndiwo adalawa zowawa kwambiri. Ankawakwapula, ena kuwadula makutu, ndipo pakati pa 1659 ndi 1661 anayi adanyongedwa ku Boston chifukwa chobwerera atawapirikitsa. Mmodzi adali mayi, Mary Dyer. Amene adalamula kuti kunyongako kuleke adali Mfumu Charles II, mwana wa mfumu ija adaithawa. Ndibwerezenso: adawolokera nyanja ufulu wawo wopembedza, koma ufulu womwewo adawamana anzawo.

Nanga eni nthaka? Ife timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa adadza kudzakhala. Miliri yomwe idapululutsa midzi ya eni dziko, monga nthomba ya 1633, atsogoleri awo ankaiwerenga ngati Mulungu akuwalambulira malo. Winthrop ankati nthaka yopanda mpanda ndi yosalimidwa monga amalimira Angerezi ndi yopanda mwini. Mu May 1637, pa nkhondo yolimbana ndi a Pequot, asilikali otsogozedwa ndi John Mason ndi John Underhill, pamodzi ndi a Mohegan ndi a Narragansett owathandiza, adazinga linga la ku Mystic m'bandakucha naliyatsa moto. Anthu oposa 400 adafa, ambiri amayi, ana ndi okalamba. Ena mwa ogwidwa pa nkhondoyo adatumizidwa ku zisumbu za ku Caribbean, ndipo mu 1638 sitima yotchedwa Desire idabwerako itanyamula mchere, thonje, fodya ndi anthu a ku Africa. Malamulo aja a 1641, omwe adateteza mkazi wapabanja ndi ng'ombe ya m'khola, ndi omwewo adavomereza ukapolo.

Padali ena omwe adafunadi kuti eni nthaka amve Uthenga m'chiyankhulo chawo. Mbusa John Eliot, mothandizidwa ndi eni chiyankhulo monga John Sassamon ndi James Printer, adatulutsa Baibulo lonse m'chiyankhulo cha Massachusett mu 1663, Baibulo loyamba kusindikizidwa ku America. Koma nkhondo ina itabuka mu 1675, Akhristu omwewo a m'midzi ya Eliot adasonkhanitsidwa mazanamazana n'kukatayidwa pa chisumbu cha Deer Island m'nyengo yachisanu, ndipo ambiri adafera komweko ndi njala ndi kuzizira. Nkhondoyo idali yoopsa mbali zonse. Midzi yambiri ya Angerezi idatenthedwa. Amene ankatsogolera eni nthaka adali Metacom, mwana wa Massasoit uja adadyetsa alendo a pa Mayflower. Ataphedwa mu August 1676, mutu wake adaupachika pamtengo ku Plymouth kwa zaka zambiri, ndipo mwana wake adagulitsidwa ukapolo kutsidya kwa nyanja.

Mfundo yachinayi: Salem.

Pofika nthawi imeneyi lichero lija linali litayamba kuvuta. Ana ambiri obadwira ku New England adakula ali obatizidwa, amakhalidwe abwino, koma opanda umboni wa kutembenuka mtima woti akaunene pamaso pa mpingo. Mu 1662 abusa adagwirizana kuti ana a anthu otere azibatizidwa, ngakhale makolowo sadye mgonero. Mu 1684 chikalata chija adachinyamula m'sitima chidathetsedwa ndi bwalo la ku London. Kumalire a kumpoto nkhondo ndi a French komanso eni nthaka inkathamangitsa anthu m'midzi yawo. Abusa ankalalikira kuti Mulungu wakwiya ndi dziko lobwerera m'mbuyo. Anthu amantha amafunafuna woti amuloze chala.

Kumayambiriro kwa 1692, m'nyumba ya mbusa Samuel Parris m'mudzi wa Salem, atsikana awiri, wina wa zaka 9 wina wa zaka 11, adayamba kukomoka, kukuwa ndi kudzipinda. Atafunsidwa kuti akuwazunza ndani, adatchula amayi atatu: Tituba, kapolo wa m'nyumbamo, Sarah Good, wopemphapempha, ndi Sarah Osborne, wodwala yemwe sankapita ku tchalitchi. Taonani amene amayamba kutchulidwa. Ndi opanda owateteza. Kenaka moto udafalikira, ndipo udatsata mizere ya mikangano yakale ya malo ndi ya malipiro a mbusa.

Kukhulupirira ufiti sikudali kwa a Puritan okha. Ku Europe anthu zikwizikwi adaphedwa pa milandu yotere. Chomwe chidaononga ku Salem ndi umboni womwe bwalo lidaulandira. Mtsikana akanena kuti waona mzimu wa uje ukumutsina, womwe wina aliyense sakuuona, oweruza ankauwerenga ngati umboni. Munthu angadziteteze bwanji ku mlandu wotere? Padalinso msampha wina. Wovomera kuti ndi mfiti, natchula anzake, sankanyongedwa. Wokana ndiye ankafa. Choncho anthu oposa 50 adavomera, ndipo aliyense wovomera ankakokera ena m'dzenje.

Rebecca Nurse, gogo wa zaka 71, membala wa mpingo wolemekezeka, poyamba adapezeka wosalakwa. Atsikana aja atakuwa m'bwalomo, nkhaniyo idaunikidwanso, ndipo adanyongedwa mu July. George Burroughs, amene adakhalapo mbusa wa mudzi womwewo, adanena Pemphero la Ambuye lonse osaphonya ali pa makwerero a ponyongera, chinthu chomwe anthu ankati mfiti singathe. Adamunyongabe. Giles Corey, nkhalamba, adakana kuyankha mlandu, ndipo adamusanjikiza miyala pachifuwa mpaka kufa. Onse pamodzi, 19 adanyongedwa, amayi 14 ndi abambo 5, ndipo ena adafera m'ndende. Ngakhale kamwana ka Sarah Good, kosakwana zaka zisanu ndi chimodzi, kadatsekeredwa.

Amene adathandiza kuzimitsa motowo adali a Puritan omwewo. Mbusa Increase Mather adatsutsa kuti Satana angathe kuvala nkhope ya munthu wosalakwa, choncho zomwe mtsikana akuti waona sizingapachikitse munthu. Mu October bwanamkubwa William Phips adathetsa bwalolo. Mu January 1697 mmodzi wa oweruza aja, Samuel Sewall, adaimirira mu tchalitchi ku Boston pamene mbusa ankawerenga kalata yake yovomera kulakwa ndi kupempha chikhululukiro kwa Mulungu ndi kwa anthu. Munthu yemweyo mu 1700 adalemba kabuku kotsutsa ukapolo. Mu 1706 Ann Putnam, mmodzi wa atsikana oneneza aja, adapepesa pamaso pa mpingo, ndipo mu 1711 boma lidapereka chipepeso kwa mabanja ena. Kulapa kumeneku ndimakulemekeza, chifukwa kudachokera m'chikhulupiriro chomwecho choopa Mulungu. Koma madzi akatayika sawoleka. Rebecca Nurse sadabwerere kwa adzukulu ake. Ndipo womaliza mwa opezeka olakwa ku Salem, Elizabeth Johnson, dzina lake lidayeretsedwa ndi boma la Massachusetts mu 2022, patapita zaka pafupifupi 330.

Abusa, akulu a mpingo ndi mafumu amene muli muno, nkhani yomalizayi si yachilendo kwa inu. M'midzi yathu ana amatchula agogo awo kuti amawatenga usiku, ndipo okalamba amamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa. Lamulo lathu la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu lokwiya silidikira lamulo. Nkhani yotere ikadzafika pakhomo panu, khamu lili panja, musadzayambe ndi kufunsa gogoyo ngati akuvomera. Mudzayambe mwamulowetsa m'nyumba mwanu, mutseke chitseko, muitane apolisi.